Matimati a Amayi mu Mchenga wa ku Masasa

Khasu langa loyamba m'nthaka ya ku Mzuzu linalowa lonse mpaka pampini osalira n'komwe. Ndinalizula, ndinayang'ana pansi, n'kuyamba kuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Mchenga! Mchenga woyera mbee, wonga umene kwathu ku Ntcheu tinkakatapa kumtsinje kuti tikwechere mapoto. Kuseri kwa nyumba imene tinapeza ku Masasa kunali kotero konse, kuyambira pakhonde mpaka kumpanda. Ndinadzifunsa kuti kodi anthu a kuno amalima kapena amangokanda pansi ngati nkhuku.

Anali masiku a chitaganya, atsamunda akadalipo, Mzuzu ali kamudzi chabe ka maofesi, nkhungu ndi kuzizira. Amuna anga anali kalaliki wa boma, ndipo titangokwatirana anawasamutsira kumpoto. Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi kudzakhala mkamwini, azilima pafupi ndi apongozi ake. Kutenga mkazi kupita naye kwina, kumene timati chitengwa, kumafuna kuti eni mwana alole, ndipo amayi anga anakana kwamtuwagalu. Malume ndi amene anawanyengerera masiku ambiri mpaka anafewa, koma anafewa mbali imodzi yokha.

"Pita," anatero amayi, akusenda nyemba osandiyang'ana. "Koma mvula ya chizimalupsa ikamayandikira ndibwera ndekha kudzaona. Ndikadzakupeza ukudya za pamsika, ulibe ngakhale kamunda, ndiye kuti kumeneko ndiwe mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Udzamanga katundu tidzabwerere limodzi. Awo akakufuna adzakupeza kuno."

Amayi anga sankalankhula kawiri. Ine amuna anga ndinkawakonda, ndinene mosabisa ngakhale adzukulu andiseke, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito ya boma sangaisiye kuti akalime kwa apongozi. Ndikanabwerera ku Ntcheu tikanamaonana pa Khirisimasi pokha, ukwati wa pa tchuthi. Choncho munda umenewo kwa ine sunali nkhani ya ndiwo ayi, unali nkhani ya banja langa.

Tsiku lonyamuka anandipatsa kansalu kakuda ndi utsi. Kwathu mbewu ya matimati sitinkasunga m'botolo. Umasankha lakupsa bwino, n'kulifinyira pansalu yakale, n'kuyanika. Njere zimakakamira pansalupo, ndiye umaipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa tizilombo. Nthawi yofesa ikafika umang'amba kachidutswa n'kukakwirira, nsalu imaola, njere zimamera. Matimati a amayi anali amtundu wawowawo, aakulu, okwinyikakwinyika, oipa nkhope, koma limodzi lokha linkakwanira mphika wonse wa nyemba. Iwonso anawalandira pansalu kuchokera kwa amayi awo.

"Ukakhala mkazi weniweni, awa ndidzawapeza ali pamtengo," anatero.

Mvula itangochepa ndinang'amba chidutswa chachikulu ndithu, poti ndinali ndi matama a mwana wobadwira m'dimba. Ndinafesa, ndinathirira, ndinaokera. Madzi ndinkakatunga kumunsi kudambo, ndowa pamutu, chitunda chake chija chotsetsereka. Koma ukathira madzi pamchenga uja ankangoti phwa, usanatembenuke pauma kale gwa. Mbande zinamera zoonda ngati singano, zinasanduka zachikasu, kenaka zinagona chimodzichimodzi. Ndinazilankhula, ndinazikalipira, zinafabe.

Matenda ake ndinkawadziwa, inali njala. Kwathu khola la ng'ombe lili pakhomo, manyowa umangopalasa. Nanga kuno ku Masasa kwa makalaliki ndi amisiri, ng'ombe yake iti? Nkhuku zanga zinali ziwiri, zitosi zake zosadzaza ndi chipande chomwe.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wa ku Nkhata Bay, wamkulu kwa ine, amene ankagulitsa usipa wouma pamsika. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinasuzumira pampata wa udzu, ndipo ndinatsala pang'ono kugwetsa malaya a amuna anga. Mpiru wake unali wobiriwira biriwiri, masamba ngati makutu a njovu, pamchenga womwewo umene unkandinyoza ine! Sindinadikire. Ndinazungulira mpanda manja ali ndi thovu.

"Monire mama," ndinatero, ndipo Chitumbuka changa chinathera pomwepo.

"Yewo, mama," anayankha, n'kundipatsa kampando. Chichewa ankachilankhula bwino, koma mokoka mawu, ngati munthu woti dzuwa limamudikira.

Ndinamufunsa chimene amathira m'munda.

"Usipa," anatero.

"Aa! Inu mumadyetsa munda ndiwo, anthu tikudya nyemba zopanda matimati?"

Anaseka. "Osati wodya, mama. Ndi zotsala pansi pa dengu, timitu, timamba, fumbi lake, ndi uja wofumbwa woti sungagulitse munthu. Kwathu kunyanja mchenga ndi woposa uwu, timachita chimodzimodzi. Tengani, zili m'thumba umo. Koma poyamba muyenera..."

Chimene ndinayenera poyambacho sindinachimve, chifukwa ndinali nditafika kale kwathu kukatenga beseni. Musandiweruze. Munthu wolankhula pang'onopang'ono chotero, ine ndinkaganiza kuti wamaliza.

Ndinang'ambanso kansalu kaja, ndinafesa, ndipo mbande zitakula ndinakumba timaenje, n'kuthira fumbi la usipa lodzaza manja awiri pa phando lililonse, n'kukwirira pang'ono pamwamba. Linali Loweruka. Ndinagwira ntchitoyo ndikuimba nyimbo za kwaya, mtima uli m'mwamba. Amuna anga atabwera ananunkhiza mpweya n'kufunsa ngati ndiwo za lero ndi usipa. Ndinawauza kuti adikire aone zodabwitsa.

Zodabwitsazo tinaziona mawa lake pobwera ku tchalitchi. Tikufika pakona tinamva phokoso kuseri kwa nyumba, ndipo titazungulira, mayo ine! Agalu. Agalu a Masasa yense, ena ndikhulupirira anachokera ku Chiputula atamva mbiri. Akuda, ofiira, wina wa miyendo itatu, onse mitu ili m'maenje anga, michira m'mwamba, mchenga ukuuluka. Mbande zanga zinali mbwee pabwalo ponse mizu ili kudzuwa. Amuna anga, atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, anawathamangitsa ndi ambulera, agalu n'kumangozungulira nyumba kubwerera pomwepo. Ine ndinakhala pansi ndi diresi langa la ku tchalitchi n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Mayi wa usipa uja anasuzumira pampanda. Anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi nsalu, koma zinamukanika. Anaseka mpaka anakhala pansi nayenso, iye mbali yake ya mpanda, ine mbali yanga. Atatha anazungulira, anandigwira paphewa.

"Pepani chomene, mama. Koma inunso mapazi anu amathamanga kuposa makutu. Ndimati poyamba muyenera kuziwoletsa."

Madzulo ake ndinatsitsa kansalu kaja kudenga. Kanatsala kachidutswa kosakwana chikhatho changa. Kuzizira kwa ku Mzuzu kunali kutafika, kuja kolowa m'mafupa, ndipo ndikawerenga miyezi pa zala ndinkaona amayi akuyandikira. Mantha anandigwira zedi. Ndinati kameneka kakapita, nanenso ndapita.

Ulendo uno ndinakhala pakampando mpaka mayiyo anamaliza mawu ake onse, ngakhale miyendo inkandiyabwa. Tinakumba dzenje pakona ya mpanda, lofika m'chiuno. Pansi tinayala udzu wouma ndi masamba a misuku, pamwamba pake fumbi la usipa, kenaka phulusa la pamoto, kenaka zitosi za nkhuku zanga ziwiri zija, tinawaza madzi pang'ono, n'kuyambiranso udzu. Anati zikanakhala bwino pakanapezeka ndowe za ng'ombe. Amuna anga anamva ali pakhonde. Loweruka lotsatira anapalasa njinga kupita cha ku Nkhorongo, kumene nthawi imeneyo kunali midzi ya anthu oweta ng'ombe, ndipo anabwera ndi thumba la ndowe pakaliyala, ntchentche zikuwaperekeza ngati akwati.

Anzawo a ku ofesi anawaona panjira. Lolemba lake anawapatsa dzina loti bwana wa ndowe. Nditawafunsa ngati sakuchita manyazi, anati, "Akazanga, ndikapanda kunyamula ndowe lero, mawa ndikanyamula khasu kwa apongozi. Zilekeni zindinunkhe." Ndinawaphikira tiyi wa mkaka tsiku limenelo.

Dzenje litadzaza tinalikwirira ndi dothi, pamwamba tinasanja miyala ikuluikulu ndi nthambi zaminga. Agalu anabweradi, ananunkhiza, anakanda, anachoka akudandaula. Wa miyendo itatu uja anakhala pamenepo tsiku lonse akundiyang'ana ngati ndamulanda cholowa.

Ndiye kunatsala kudikira, ntchito imene Mulungu sanandipatse mphatso yake. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaima padzenjepo. Mayi uja akandiona ankafuula ali kwawo, "Musafukule, mama! Kuona maso a nkhono n'kudekha!" Tsiku lina m'mawa, nkhungu ili tolo, ndinasuntha mwala umodzi n'kulowetsa dzanja. Munali motentha! Kunja zala zikuuma ndi chisanu, koma m'dzenje langa muli ngati m'mimba mwa ng'ombe, kanthunzi kakufuka. Ndinakuwa. Amuna anga anatuluka ndi sopo kumaso akuganiza kuti ndalumidwa ndi njoka.

"Gwirani apa! Gwirani! Zikupsa zokha popanda moto!"

Anagwira, anagwedeza mutu, anati akazi a ku Ntcheu ndi oopsa, n'kubwerera kukameta.

Pamene tinkadikira, mayiyo ananditengera kutchire kukagumula chulu. Anati mchenga uli ngati lichero lobooka, chilichonse chimene ungathire chimapitirira, ndiye umafunika dothi la chulu kuti ligwire madzi ndi chakudya. Tinasenza dothilo m'mabeseni maulendo ambirimbiri mpaka khosi langa linauma. Panjira ankandiphunzitsa Chitumbuka, ine n'kumamuphunzitsa kuyenda mofulumira, ndipo tonse awiri tinalephera.

Kachidutswa kotsiriza sindinakayike pansi ayi. Ndinakafesa m'beseni lobooka, m'dothi la chulu losakaniza ndi mchenga, ndipo besenilo ndinaliika pathandala pamwamba, pomwe galu kapena nkhuku sizingafike. Timbande titatuluka ndinavina pabwalo ndekha, mwana wa anthu oyandikana nafe n'kuthamangira kukauza amake kuti mayi a Chichewa aja apenga.

Kuzizira kutayamba kutha tinatsegula dzenje. Ndinali nditakonzeka kutseka mphuno, koma fungo la usipa linali litapita. Munatuluka zakuda bii, zofewa, zoyoyoka m'manja, zonunkhira ngati pansi pa mitengo mvula itangogwa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Ndinatapa ndi manja onse awiri n'kumuonetsa mayiyo ngati ndikumuonetsa mwana wakhanda.

Sitinamwaze manyowawo munda wonse monga tinkachitira kwathu, chifukwa mchenga ukanawameza osathokoza. Mbande iliyonse tinaikumbira dzenje lakelake lofika m'chigongono, pansi tinamata dothi la chulu, tinadzaza manyowa osakaniza ndi mchenga, tinaoka, n'kuphimba pamwamba ndi udzu wouma kuti dzuwa lisamwe madzi anga. Nditathira ndowa yoyamba ndinaima n'kumayang'ana. Madzi anakhala. Ndinabwererako masana, ndinakanda pansi pa udzu, panali chinyontho. Ndinabwererako madzulo, chinalipobe.

Abale inu, mmene anakulira matimati aja! Tsinde linanenepa kuposa chala changa, masamba obiriwira mpaka kuda. Ndinawazikira timitengo, ndinawamanga ndi luzi, sabata yotsatira apitirira timitengoto. M'mawa ndinkathyola timphukira ta m'khwapa mwa nthambi, manja n'kumanunkha fungo lija la matimati limene ndinalisiya ku dimba la amayi, ndipo nthawi zina ndinkachedwa dala kusamba m'manja. Maluwa achikasu anabwera, kenaka timatimati tobiriwira, tokwinyika kale nkhope tikadali tating'ono. Ndinati eya, ndinu ana a kwathu inu, kuipa komweku.

Mbiri inayenda. Amayi a ku tchalitchi ankapatuka kudzaona, ena ochokera ku Chiputula, n'kumagwira pakamwa kuti pamchenga pomwepa? Ine ndinkawayendetsa mzere ndi mzere, ndikufotokoza za dzenje ndi chulu ngati ndinabadwa ndikuzidziwa. Mayi wa usipa ankangomwetulira pampanda, ndipo ndikafika pakati pa matama anga ankafunsa mokoka mawu, "Za agalu mwawauza, mama?"

Kunja kunatentha, mitambo inayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Matimati anali aakulu ngati chibakera koma obiriwirabe. Ndinkawapempha kuti afulumire. Kenaka tsiku lina masana, ndikuchokera kudambo ndi ndowa pamutu, ndinaona munthu atakhala pakhonde pathu, mtolo uli pambali, duku lake lofiirira lomangidwa monga amamangira amayi anga. Madzi anatayikira kumsana kwanga.

Ndinagwada, tinapatsana moni. Amayi anandigwira mkono, anaufinya kuona ngati ndaonda. Analowa m'nyumba, anavundukula miphika, anayang'ana mumtsuko. Atamasula mtolo wawo munali ufa, nyemba, mtedza ndi mfutso. Ndinadabwa kuti munalibe ngakhale thimati limodzi, iwo amene sankapita ngakhale kumaliro opanda matimati m'dengu.

"Kuseri kuli chiyani?" anafunsa.

Ndinawatsogolera. Titazungulira nyumba anaima. Anayang'ana mchenga woyera wa m'mbali, anayang'ana mitengo ya matimati yofika pachifuwa pawo. Anayenda pang'onopang'ono mumzere, akukweza masamba. Kenaka anagwada, anasuntha udzu, analowetsa dzanja m'nthaka mpaka pamfundo, anatapa n'kununkhiza.

"Wathira chiyani?"

Ndinawauza zonse, za usipa, za ndowe za pa njinga, za chulu, ngakhale za agalu. Pa agalupo ndinaona milomo yawo ikugwedera, koma anaigwira. Anapitiriza kukweza masamba mpaka pa mtengo wa pakona, pafupi ndi dzenje. Pansi penipeni, pobisika, panali limodzi lofiira psuu, limene ine ndi maso anga onsewa sindinalione. Analithyola, analitembenuza m'manja, anasisita makwinya ake ndi chala. Atakweza nkhope, m'maso mwawo munali misozi. Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo amayi akulira popanda maliro.

"Kwathu awa kulibenso," anatero.

Sindinamve bwino. Anafotokoza ali chogwada pomwepo. Anthu a zamalimidwe anabwera m'mudzi ndi lamulo loti m'mphepete mwa mtsinje musalimidwe, ndipo dimba lawo linazulidwa lonse matimati asanapse. Nsalu ya mbewu imene inatsala kudenga anali ataifesa yonse m'dimba lomwelo. Anafunsa kwa achemwali awo, anafunsa kutsidya, aliyense anali atasiya mtunduwo n'kutenga osalala a kusitolo.

"Ndinkati basi zathera pa ine," anatero. "Panjira ponse ndimaganiza kuti mwana uja ndi phuma lake, kansalu kaja anakataya kalekale."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinachita zonse ziwiri. Amayi anapukuta m'maso, anakweza manja kumutu, n'kumasula duku lawo. Analiyala pamwala, anafinyira thimati lija pakati pake, anamwaza njere ndi chala bwinobwino kuti zisaunjikane, n'kuliyanika pampanda. Amuna anga pobwera ku ntchito anapeza apongozi awo ali mutu pamtunda, imvi zili poyera, ndipo anasowa koyang'ana. Anagwada patali, anapereka moni akuyang'ana tayala la njinga.

"Ndamva kuti mumanyamula ndowe," anatero amayi.

"Eya, amayi."

"Mwachita bwino."

Anakhala nafe masabata angapo. Matimati anapsa onse ngati apangana, tinadya, tinagawira mayi wa usipa dengu lodzaza, ndipo iye ndi amayi anakhala pakhonde masana onse akukambirana za manyowa, wina mokoka, wina modula. Za katundu wanga amayi sanatchule, nanenso sindinayerekeze kufunsa. Ndinkangoyang'ana nkhope yawo m'mawa uliwonse.

Tsiku lobwerera tinawaperekeza kokwerera basi, mitambo ya chizimalupsa itada kum'mawa. Amuna anga anakweza mtolo pamwamba. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, ndipo pomaliza ndinalephera kupirira.

"Amayi, nanga ine?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Iwe chiyani? Ukapita, awa athirira ndani? Tsala, uli ndi munda. Wopita kwathu ndi uyu." Anasisita duku lija, limene anali atalipinda bwino m'manja.

Ndinawapatsa mpango wanga kuti afunde kumutu, poti ulendo unali wautali ndipo m'basi munali anthu achilendo. Anakana, anati anthu ayang'ane imvi, sizinabedwe. Basi inanyamuka, ndipo pazenera ndinawaona atakhala mowongoka, mutu uli pamtunda, duku lili pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake.